Mtengo wa Maso a Khoai

Nhung anafika pamsika malaya a sukulu atang'ambika paphewa, mlomo ukuchucha magazi. Sanapereke moni. Anangoponda beseni la nkhanu za amayi ake, nkhanu n'kumwazika pasimenti ponse.

"Wapenga iwe?" anakuwa Mayi Tham. "Tola msanga!"

"Munagulitsa zingati?"

"Chiyani?"

"Maso a Khoai!"

Msika wonse unatembenukira kwa iwo. Khoai anali mlongo wake wa Nhung, kamnyamata ka zaka zisanu ndi chimodzi. Anamwalira masabata atatu apitawo ndi chotupa cha m'mutu. Tsiku limenelo Nhung anatumizidwa kukagona kwa azakhali, ndipo palibe anamuuza kuti kunyumba kunabwera madokotala ndi kabokosi kozizira kudzatenga maso a Khoai. Anazimva lero kusukulu, kwa Phuc, mwana wa Mayi Luot ogulitsa abakha. Phucyo anazinena akuseka, Nhung n'kumugulula dzino.

"Aliyense akudziwa," anapitiriza Nhung. "Inu simupatsa munthu kanthu kaulere. Ngakhale nkhanu yakufa mumaitsatsa! Ndiye maso a mwana mukanangopereka?"

Mayi Tham anaimirira pang'onopang'ono. N'zoona, pamsika wonsewo panalibe munthu wouma pamtengo ngati iwo. Anayang'ana kutsidya, komwe Mayi Luot anayamba mwadzidzidzi kusosola bakha wososola kale.

"Amayi ake a Phuc, tukulani mutu! Nkhaniyi munaiphika ndinu, bwerani mudye nawo."

"Ine ndinangomva kwa anthu, anzanga..."

"Khalani chete, pakamwa ngati bakha wanuyo!"

Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Ukufuna mtengo? Chabwino. Ndinanenerera, inde. Dokotala anati, 'Mayi, dikirani panja.' Ine ndinati ayi. Iye akuti ndi lamulo. Ine ndikuti lamulo lanulo nyamulani pamodzi ndi kabokosi kanu, khomo ndi ilo. Tinakangana mpaka tiyi amene ndinawapatsa anazizira. Mapeto ake anagonja."

"Anakupatsani chiyani?"

"Mpando."

"Mpando?"

"Mpando, pafupi ndi bedi. Khoai ankaopa alendo, waiwala? Wometa tsitsi yemwe ankamuthawa. Ndikanamusiya yekha ndi anthu ovala zoyera? Ndinamugwira phazi mpaka anamaliza. Sachotsa diso lonse, amangosenda kakhungu koonekera kapamwamba. Atatha ndinamutseka zikope ndekha. Mtengo wake ndi umenewo. Pita ukamuuze Phuc wako."

"Koma azakhali akuti munthu ayenera kupita wathunthu. Akuti kumene aliko sakuona njira."

"Azakhali akowo anapitako liti? Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu, koma ndikudziwa kuti dothi silisankha, limadya zonse. M'chipatala muja, pamene tinkadikira mankhwala a Khoai, ndinaona kamtsikana kakuyenda chopapasa khoma. Amayi ake ankakakokera pamkono ngati mbuzi. Ndiye maso abwinobwino ndikapatse nyongolotsi?"

"Anapatsa kamtsikanako?"

"Sindikudziwa. Sanena. Anangoti anthu awiri akuona. Pamenepo ndinalephera kunenerera."

Nhung anapukuta mlomo ndi dzanja. Mkwiyo unali usanathe, unangosintha njira.

"Nanga ine? Munandithamangitsira kwa azakhali ngati galu. Anali mlongo wanga! Ndinkamusambitsa ndine, kumubereka popita kusukulu ndine. Ndikamve kwa Phuc?"

Ulendo uno Mayi Tham sanakalipe monga mwa masiku onse. Anakhala pabenchi. Amayi amene sanagonjepo kwa wogula aliyense anayang'ana zikhatho zawo zong'aluka ndi madzi amchere.

"Ndinkati ndiwe mwana," anatero motsitsa. "Koma nditakhala pampando paja, ndinaona kuti phazi linalo linalibe woligwira. Ndinalakwa, Nhung."

Misozi ya Nhung inasakanikirana ndi magazi pachibwano. Kenako anazungulira tebulo, n'kukankha amayi ake ndi phewa kuti amusendere pabenchi.

"Ndiuzeni zonse," anatero. "Kuyambira pamene anagogoda pakhomo. Musadumphe kanthu."