Masekondi Khumi ndi Asanu a Bambo Anga

Pali chinthu chimene kwa chaka chathunthu sindinauze munthu, ngakhale Nokuthula, mnzanga wa kuyambira Fomu 1. Vidiyo ija ya mdala wovina beni, imene Bulawayo yense anaiseka chaka chatha, ndinaijambula ndine. Mdalayo ndi bambo anga.

Bambo, a Lemson, anagwira ntchito ya njanji zaka makumi atatu. Beni anaphunzira kwa bambo awo, amene anabwera kuno kuchokera ku Zomba. Loweruka lililonse ankavala kabudula wa khaki ndi masokosi oyera ofika m'mawondo, n'kupita kukavina ndi anzawo kuseri kwa holo ya ku Tshabalala. Anali atatsala madala asanu ndi mmodzi okha. Ine ndikawaona mumsewu atavala choncho, ndinkawolokera tsidya lina.

A Meshack, amene ankaliza wezulo potsogolera gululo, atamwalira, anzawo anakawavinira pakhomo bokosi lisananyamulidwe. Gulu lawo lili ndi mwambo wake. Mnzawo akamwalira, pamzere amasiya mpata pamalo pake, ndipo amaponda pang'onopang'ono ngati miyendo yamangidwa miyala. Bambo ndiwo anali pafupi ndi mpatawo. Akaponda kanayi ankatembenuka n'kuchitira sawasha malo opanda munthuwo.

Masiku amenewo aliyense ankathamangitsa mavidiyo n'kuikamo nyimbo za amapiano. Mbuzi ikutafuna pepala, amapiano. Mlaliki akupukuta thukuta, amapiano. Ine ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndikungokhala pakhomo, ndipo akaunti yanga ya dzina labodza inali ndi onditsatira khumi ndi anayi. Pa vidiyo imene ndinajambula pamaliropo, ndinadula masekondi khumi ndi asanu. Ndinachotsamo bokosi ndi amayi olira, ndinathamangitsa, n'kuika nyimbo. Bambo anasanduka kachidole kodumphadumpha, kochitira sawasha mphepo.

Lachitatu, Nokuthula anafika pageti akuthamanga.

“Loice! Mngane, mnzanga iwe! Bambo ako atchuka!” Anaseka mpaka kugwira mpanda. “Hayi bo, taona mmene akugwedezera mutu. Ana a ku Nguboyenja ayamba kale kuwatsanzira.”

“Waiona kuti?”

“Kulikonse. Nanga nkhope yagweranji? Akanakhala bambo anga, bwenzi ndikuyenda ngati mwana wa nduna.”

Ndinaseka nawo. Mumtima munalibe kanthu, chisoni ayi, chimwemwe ayi. Ndinkangoyang'ana manambala akukwera ngati ndikuyang'ana mita ya madzi.

Bambo anazidziwira m'kombi. Kondakitala anawachitira sawasha, anthu n'kufa nazo, wina n'kuwaonetsa pafoni. Atafika kunyumba sanakalipe. Anakhala pampando nsapato osavula.

“Bokosi la Meshack lapita kuti m'vidiyo muja?” bambo anafunsa amayi. “Linali pomwepo.”

“Ndi za ana izi, bambo a Loice. Zitha.”

Zinathadi. Patapita masabata awiri anthu anasamukira kwa mayi wina amene anagwa ndi dengu la tomato. Koma bambo sanapitenso kuholo. Loweruka ankakhala pakhonde akumasula wailesi yosawonongeka. Anzawo anabwera kawiri, iwo n'kunamizira bondo. Kenako ng'oma inasiya kumveka. Ine ndinafufuta akaunti ija, koma vidiyo inali kale m'mafoni a anthu ena. Ndinkadya, ndinkasesa, ndinkagona. Zotsatira za mayeso zitatuluka ndinakhoza bwino, ndipo nazonso ndinangoziyang'ana.

Mwezi watha mkazi wa a Meshack anabwera m'mawa. Ine ndinali kuchapa pampopi, pafupi ndi khonde.

“Alamu, tikuvundukula chiliza pa 20,” anatero. “Anzanu akuti popanda inu savina. Mubwere mudzamuvinire mnzanu.”

Bambo anawatembenukira.

“Mlamu, mukufuna ndikamuchititsenso manyazi?”

“Manyazi ati?”

“Ndinadziona ndekha pafoni. Ine ndinkaganiza kuti ndikuponda mwaulemu, kani ndinkadumpha ngati woledzera, pamaliro a mnzanga. Munthu sudziona ukamavina. Foni ndiyo sinama.”

Manja anga anaima m'madzi. Chaka chonsechi ndinkaganiza kuti bambo akwiyira anthu oseka. Sindinadziwe kuti iwo sadziwa zoti vidiyo imathamangitsidwa. Ankakhulupirira kuti anavinadi choncho.

Mayiwo atatsanzika, bambo anawaperekeza mpaka pageti. Pobwerera anandipeza nditaima pakhonde, thovu likutsika m'mikono.

“Nanga mama, sopo watha?” anandifunsa bambo.

Ndinagwada pasimenti. Chichewa changa chimathawa ndikachita mantha, koma sindinafune kuti mawu awa atuluke m'Chindebele kapena m'Chingerezi.

“Bambo, simunadumphe. Munkaponda pang'onopang'ono, ine ndinaona. Amene anajambula, n'kuchotsa bokosi, n'kukuthamangitsani, ndine.”