Nyumba ya Matayala Inaima Tsidya Lino

Moto wolusa utatentha kanyumba ka bambo awo kumapiri, namwino wina wa m'tauni ndi mlongo wake anamva nkhaniyo patatha milungu itatu, kuchokera kwa munthu wogula zikopa. Mkuluyo ankakhala yekha ndi ng'ombe zake tsidya la mtsinje. Tsopano ankagona pansi pa lona, akutsokomola chifuwa chosatha. Mvula inali pafupi, ndipo mtsinjewo ukadzaza, tsidya limenelo sikufikika miyezi inayi.

Kuwauza kuti abwere m'tauni kunali kungotaya malovu. Nthawi zonse yankho lawo linali limodzi, lakuti ng'ombe sizidya phula la msewu.

"Ngati akukana kubwera kunyumba, nyumbayo iwatsatire," anatero namwino.

Anapeza kalavani yakale kwa mkulu wina wowotcherera zitsulo. Kanali kanyumba ka matayala awiri, kokhala ndi bedi, kabati ndi zenera, kochita kukokedwa ndi galimoto. Yokokera inali pikapu ya namwino, yaing'ono, imene ntchito yake yaikulu inali kutula ana kusukulu.

Wowotcherera uja anaizungulira pikapuyo akupukusa mutu.

"Amayi, galimoto yanuyi ndi yopepuka, ndiye mundimvetse bwino. Zolemera zonse muike pamwamba pa matayala a kalavani, cha kutsogolo pang'ono. Kumchira ayi. Matcheni awa muwapingase pansi pa chokolowekera, kuti chikamasuka chigwere pa tcheni, osati pa msewu. Kachitsulo ndakumangirani pafupi ndi chiwongolero kamagwira mabuleki a kalavani yokha. Ikayamba kuvina, chotsani phazi pamoto, mufinye kameneko."

Mlongo wa namwino ankangoyasamula. Anali atayendetsa minibasi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo dzina loti Liwiro sanachite kumupatsa kutchalitchi.

"Achemwali, inu pitani mukatenge mankhwala a bambo," anatero. "Zopakira mundisiyire ine."

Namwino anamusiyiradi, ndipo kumeneko kunali kulakwa kwake kwakukulu.

Ananyamuka m'mawa, namwino ali pachiwongolero. Pikapu inkakoka mwaulemu, koma iye ankamva ngati kumbuyo kwa galimoto kwapepuka, ngati wina akukunyamula m'mwamba pang'ono. Liwiro anati amenewo ndi mantha a anthu ozolowera kubaya jakisoni.

Atadutsa tauni yomaliza, msewu unayamba kutsetsereka. Lole yaikulu inawapitirira, ndipo mphepo yake inamenya kalavani m'nthiti. Namwino anaona pagalasi khoma loyera la kalavani likutulukira kumanja. Linabwerera, n'kutulukira kumanzere. Kachitatu pikapu yonse inagwedezeka, matayala n'kulira pa phula.

"Pondani moto iwongoke!" anakuwa Liwiro. "Ayi, mabuleki! Mayo ine, mabuleki!"

Namwino sanaponde chilichonse. Anachotsa phazi, anagwira chiwongolero nganganga ndi dzanja limodzi, linalo n'kufinya kachitsulo kaja pang'onopang'ono. Anamva kalavani ikukoka chakumbuyo. Inagwedezeka kamodzi, kawiri, kenako inatsatira galimoto bwinobwino. Anaimika m'mbali mwa msewu n'kutsika.

Atatsegula kalavani, anangoti kakasi. Kumchira kwenikweni kunali matumba asanu ndi limodzi a mchere wa ng'ombe ndi migolo iwiri yodzaza madzi.

"Iwe, mutu wako ukugwira?"

"Bedi lili kutsogolo, achemwali. Ndimati mchere ungawononge matiresi a bambo."

Namwino anafuna kumutukwana mpaka dzuwa kulowa, koma mawu amenewo anamufooketsa. Munthuyo akanawapha onse awiri, komatu chifukwa chokonda bambo ake.

"Nanga madziwa? Tikupita kumtsinje, iwe wanyamula madzi!"

Anataya mgolo umodzi, winawo anaugubuduzira pakati n'kuumanga ndi chingwe. Matumba anayi anawasanja pamwamba pa matayala, awiri anawakweza m'pikapu. Namwino anayeza mpweya m'matayala onse, anagwedeza matcheni, anauza Liwiro aime kumbuyo aone ngati nyali zikuyaka. Ulendo uno Liwiro sanayasamule.

Masana anasiya phula n'kulowa m'nkhalango. Kamsewu kanali kopapatiza, nthambi zikukanda denga la kalavani. Pokhota, namwino ankayamba watalikira kunja kuti matayala akumbuyo asagwere m'ngalande. Ankayenda ngati akuperekeza maliro, ndipo Liwiro ankangoyang'ana kumwamba, kumene mitambo inkada pamwamba pa mapiri.

Atakhota penapake, anapeza njovu zisanu zitatseka njira, kamwana kali pakati.

"Bwererani," ananong'ona Liwiro.

"Ndibwerere bwanji ndi nyumba kumsana? Ikapindika apa tagona pompano."

Anazimitsa injini. Njovu yaikulu inawayang'ana, inakupiza makutu, inayenda mapazi atatu kubwera kwa iwo. Liwiro, amene pamoyo wake wonse anali asanadikirepo ngakhale nkhalamba yokwera minibasi, anadikira osasuntha ngati mwala, thukuta lili kamukamu. Njovuyo inanunkhiza mphepo, kenako inatembenuka n'kuyamba kuthyola nthambi. Zinadya mosafulumira, ola lathunthu ndi theka, ndipo pamene zinkalowa m'tchire, kumapiri kunali kukugunda mabingu.

Chitsetse chopita kumtsinje chinali chachitali, cha miyala yokhayokha. Namwino anaika giya yoyamba kuti injini izithandiza kugwira. Ali pakati anamva fungo la mabuleki, anaima, Liwiro n'kutsamiritsa matayala ndi miyala mpaka zitsulo zitazizira. Mvula inawadonthera pang'ono chabe. Yambiri inali itagwa kale kumtunda.

Anazindikira zimenezi atafika pamtsinje. Powolokera, pamene miyezi yonse ya chilimwe pamakhala mchenga ndi timadzi tolekeza m'kakolo, panali madzi ofiira, othamanga, onyamula zitsa. Liwiro anavula nsapato, anatenga ndodo n'kulowa. Asanafike pakati madzi anali m'ntchafu.

"Tiwoloka!" anakuwa akubwerera. "Pansi ndi polimba. Mukangolowa ndi mphamvu, osaima, tatuluka."

"Ayi."

"Achemwali, pakatha ola limodzi tidzakhala titachedwa. Ndipatseni makiyi."

"Kalavani ndi bokosi, iwe. Ikalowa m'madzi amenewa iyandama, itembenuka, ndipo kapikapu aka ikakoka ngati mwana wogwidwa pamkono. Titaya nyumba, galimoto ndi ife tomwe."

"Ndiye bambo agone pansi pa lona miyezi inayi? Ndi chifuwa chija? Ndinu namwino inu, mukudziwa chimene chidzachitike."

Ankadziwadi, ndipo n'chimene chinkamuwawa. Misozi inatsika, koma makiyi anawaika m'thumba la diresi, dzanja n'kukhala momwemo.

Liwiro anakankha mwala ndi phazi, anapita kukaliza hutala mokwiya, kambirimbiri. Patapita nthawi, tsidya lija kunatulukira munthu wamtali, wowonda, atafunda bulangete. Anali bambo awo. Namwino anaona mmene anaondera, mtima wake unasweka.

"Chimenecho n'chiyani?" anafuula mkuluyo, akuloza ndi ndodo.

"Nyumba yanu, bambo!"

"Bwerani nayoni kuno!"

"Singawoloke! Madzi achuluka!"

Mkuluyo anatsokomola nthawi yaitali atawerama. Atawongoka anakuwa kuti, "Ndiye bwererani nayo!"

Namwino analowa m'galimoto, ndipo Liwiro akumulozera ndi manja, anabweza kalavani pang'onopang'ono mpaka pa kamtunda kosalala, kotalikirana ndi madzi, pamene panali msipu wobiriwira kale. Anatsamiritsa matayala, anatsitsa miyendo ya kalavani, anamasula matcheni ndi chokolowekera. Kenako anatsegula chitseko ndi zenera kuti za m'kati zioneke tsidya lina, n'kubwerera m'mphepete mwa madzi.

"Sindibwerera nayo, bambo! Nyumba yanu ili apa! Msipu uli apa! Ine ndatopa kuopa kuti tsiku lina ndidzamva za inu kwa ogula zikopa!"

Mkuluyo anatembenuka, anakwera mtunda n'kuzimiririka m'mitengo.

"Basi," anatero Liwiro. "Mwawakwiyitsa."

Anakhala pansi onse awiri. Namwino anazika kamtengo m'mphepete mwa madzi kuti aziona mmene akukwerera, ndipo posakhalitsa kamtengoko kanamira. Anazika kena.

Anali Liwiro amene anayamba kumva. "Tamverani!"

Kunali kulira kwa ng'ombe. Zinatsika mtunda zikukankhana, zoposa makumi awiri, mkuluyo ali pambuyo, kamtolo kali pamutu, akuziimbira likhweru. Zinafika pamadzi n'kuima. Iye anamenya nkhunzi yakuda pamsana, inalowa, zinazo n'kutsatira, ana ali kumtunda kwa amayi awo. Mkuluyo anagwira mchira wa ng'ombe yomaliza n'kulowa nayenso.

"Chingwe!" anakuwa namwino.

Anasendeza pikapu pafupi ndi madzi. Liwiro anamanga nsonga imodzi pa chitsulo chokokera, inayo m'chiuno mwake, n'kudziponya mumtsinje. Pakati madzi anafika mkuluyo m'chifuwa. Chitsa chinabwera chikugubuduzika, ng'ombe inadzidzimuka, mchira unapulumuka m'manja. Kamtolo kanapita ndi madzi. Mutu wa imvi unamira, unatulukanso, ndipo Liwiro anaugwira munthuyo pakolala ya malaya. Chingwe chinakungika. Namwino anakoka mpaka zikhatho zinasupuka, ndipo anthu awiriwo anatuluka chokwawa, akulavula matope.

Mkuluyo atapeza mpweya, mawu ake oyamba anali akuti, "Ziwerengeni."

Zinali zonse. Chimene mtsinje unatenga ndi bulangete, ketulo ndi nsapato zawo za kutchalitchi.

Namwino anawalowetsa m'kalavani, anawapukuta, anawaveka juzi ya Liwiro n'kuwapima chifuwa. Chinali choipa, koma chochizika. Mkuluyo anameza mapiritsi osatsutsa, maso akuyendayenda padenga.

"Sichidontha chimenechi?"

"Sichidontha, bambo."

"Tiona."

Anakhala nawo masiku awiri. Liwiro anadula mitengo ya minga n'kumanga khola, ndipo mtsinje unadzaza mpaka powolokera paja sipankadziwikanso. Tsiku lachitatu m'mawa anakweza zingwe ndi mgolo m'pikapu. Mkuluyo anaima pakhomo la kalavani, kapu ya tiyi ili m'manja, akuyang'ana kamsewu kamene ana ake anadzera.

"Msewu uwu sutsekeka ndi mvula?"

"Tsidya lino ayi, bambo. Popanda chokoka ndi maola anayi okha."

Mkuluyo anamwa tiyi wake, anatsokomola pang'ono.

"Ndiye Loweruka mubwere ndi adzukulu anga. Wamng'ono uja sanaonepo ng'ombe ikukamidwa."

Pobwerera anayendetsa ndi Liwiro, ndipo anayendetsa mofatsa moti wa njinga anawapitirira. Atafika pamene foni imagwira, namwino anaimbira mwamuna wake. Anayesa kufotokoza za njovu, za mchere, za chingwe, koma pomaliza anangoti, "Uwauze ana akonzeke. Agogo awo awoloka."