Wotsekera wa pa Chitunda cha Kumanda

Telala anatseka shopu yake nthawi itapitirira 11 koloko usiku. Diresi la ukwati linali litamudyera tsiku lonse: mkwatibwi anali atanenepa pang'ono chimuyezereni, koma mayi ake anakakamira kuti wolakwa ndi tepi yoyezera. Basi zomaliza zinali zitapita kalekale. Choncho anatulutsa nsapato zothamangira zomwe ankasunga pansi pa makina osokera, nazimanga, n'kunena mumtima kuti lero ndi lero.

Kuthamangako sikunali kwake, kunali kwa mkazi wake. Kwa zaka zinayi mayiyo ankadzuka kusanache katatu pa sabata kukakumana ndi kagulu ka anthu ongothamangira kulimbitsa thupi. Telala ankamuseka ali m'bulangete. “Kodi akukuthamangitsani ndani, mayi?” Sanapiteko kukamuonerera ngakhale tsiku limodzi. Ndiye matenda anabwera, namutenga mayiyo chaka chatha, asanathamange mpikisano wa makilomita 21 womwe ankaulakalaka kwambiri.

Patatha miyezi itatu Telala anakalowa kagulu komweko, ndi mimba yake yonse ija. Sikuti anali atayamba kukonda kutuluka thukuta. Ankangofuna kukhala pakati pa anthu amene ankamudziwa mkazi wake kumbali imene iye sanaidziwe. Amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma iye anayamba mnzake atapita kale, ndipo zimenezi zinkamuwawa tsiku lililonse.

Anzakewo anamupatsa dzina loti Mchira, poti nthawi zonse ankafika pomaliza. Koma sankafika yekha. Kaguluko kanali ndi lamulo limodzi: wotsalira sasiyidwa. Tsiku lililonse ankasankha munthu mmodzi woti azithamanga kumbuyo kwa wotsiriza, osamupitirira ngakhale atamayenda ngati nkhono. Munthu ameneyo ankamutcha wotsekera.

Mpikisano uja unali Loweruka, ndipo Telala anali atalembetsa. Vuto linali chitunda cha kumanda, chomwe njira ya mpikisano inkadutsapo. Anali asanachikwerepo osaima. Miyendo inkalema, inde, koma vuto lenileni linali lakuti kuseri kwa mpanda wa mandawo n'kumene kunagona mkazi wake, ndipo akafika pafupi ndi chipata mawondo ankangozizira. Usiku umenewo anadziikira malire: akalephera kuchikwera, mawa akauza anzake kuti amufufute pa mndandanda, abwerere ku singano zake.

Anayamba pang'onopang'ono. Anadutsa mashopu otseka, malo omwetsera mafuta, mlonda wina akuwodzera pampando. Pa mlatho magetsi a mumsewu anathera pomwepo. Kutsogolo kunali mdima ndi kamwezi kochepa chabe.

Atangowoloka mlathowo, anamva mapazi kumbuyo.

Anaganiza kuti ndi ake omwe akumveka kawiri. Anatchera khutu. Ayi. Ake ankati pha, pha, pha. Enawo ankati phi... phaa, phi... phaa, ngati munthu wokoka mwendo umodzi. Ndipo pa sitepe iliyonse pankalira kanthu kachitsulo. Nge. Nge. Nge.

Anachepetsa liwiro kuti munthuyo adutse. Mapazi aja anachepetsanso.

Anapatukira m'mbali. Nawo anapatuka.

Mbava! Telala analiyatsa liwiro la mtondo wadooka, m'tsinde mwenimweni mwa chitunda, pamalo pomwe wothamanga aliyense wanzeru amasunga mphamvu. Sanapite patali. Chifuwa chinayamba kuyaka. M'nthiti munalasa. Ndipo mapazi aja anali pomwepo, kuseri kwa phewa lake lamanzere. Osayandikira. Osatsalira.

“Mwachilowera ndi ukali, bambo,” anatero mawu a mwamuna wachikulire, odekha ngati a munthu wokhala pampando. “Chitundachi sichifuna choncho.”

“Ndi... ndinu ndani?”

“Wotsekera. Musacheuke, mutaya mpweya. Fupikitsani mapazi. Maso pansi, pafupi pomwepa.”

Mtima unakhalako m'malo. Mwina ndi wina wa m'kagulu, anaganiza choncho, mmodzi wa aja amathamanga masiku ena. Anafupikitsa mapazi monga anauzidwira, ndipo kulasa kwa m'nthiti kunayamba kuchepa. Koma panali chinthu china chomwe sichinkamveka bwino. Iye ankapuma ngati mvukuto. Kumbuyoko kunali zii. Munthu akukwera chitunda, akuyankhula, koma mpweya wake osamveka ngakhale pang'ono...

Galimoto inatulukira kumbuyo kwawo, kumlatho kuja. Nyali zake zinawalitsa msewu wonse, n'kuponya chithunzithunzi patsogolo pa Telala, chachitali, chogwedezeka.

Chimodzi.

Chake chokha!

Galimoto inadutsa. Mdima unabwerera. Phi... phaa. Nge. Nge.

Mpanda wa manda unali utayamba kudzanja lamanja. Miyala yoyera. Mitengo ili duu. Chipata chija chikuyandikira. Anafuna kuima, koma akaima ndiye kuti chinthucho chimupeza. Mawondo anayamba kuzizira monga mwa masiku onse.

“Mayi akunyumba kwanu nawonso ankaima pomwe pano,” anatero mawu aja.

Telala anapunthwa, pang'ono kugwa.

“Ankagwira mpandawu n'kumachinyoza chitundachi. Akatero ankaseka, amvekere, ‘Bambo akunyumba akanandiona pano, bwenzi akuti ndinakuuzani.’”

Ndi mmene mkazi wake ankayankhulira. Ndendende! Mantha aja anasungunuka, m'malo mwake munalowa chinthu china cholemera kuposa mantha. Chaka chathunthu Telala anakhala akutolera timawu totere kwa aliyense amene anamudziwa mkazi wake, ndipo sankakhuta. Kaya kumbuyoko kunali munthu, kaya chiyani, iye ankangofuna kuti asasiye kuyankhula.

“Ankanenanso chiyani?” anafunsa misozi ikusakanikirana ndi thukuta. “Chonde, bambo. Ankandidandaula? Poti sindinabwereko...”

“Pumani kaye. Kawiri kulowetsa, kawiri kutulutsa.”

“Ndiuzeni!”

“Masiku ano sakuimanso,” anatero mawuwo. “Amachikwera mpaka pamwamba. Ali ndi mwendo wabwino mayi aja.”

Phi... phaa. Phi... phaa.

Telala sanafunsenso. Anathamanga, makutu ali kumbuyo, kudikira kuti mwina amva mapazi achitatu, opepuka, omwe kale ankawamva akutuluka pakhomo iye ali m'bulangete. Anamvetsera ndi thupi lake lonse. Sanawamve. Koma atadzutsa maso anaona kuti chipata chatsala kumbuyo, mpanda watha, ndipo msewu wayamba kutsetsereka. Anali pamwamba.

“Apa ndiye mwafika,” anatero mawu aja. “Ine ndibwerere, mwina kwatsala wina.”

Telala anacheuka.

Msewu wokhawokha. Palibe munthu, palibe phazi, palibe kulira kwa kachitsulo. Anaitana kawiri, “Bambo! Bambo inu!” Kunangoyankha galu wa kutali.

Sanagone usiku umenewo. M'mawa kusanayere anali kale pa chipata cha bwalo la sukulu pomwe kaguluko kankakumana. Anapeza anthu akuwongola miyendo, ndipo dalaivala wina wa nthabwala anayamba kale. “Taonani zodabwitsa, lero Mchira wafika mutu usanafike!”

Telala sanaseke. Anapita kwa Aphunzitsi, mayi wopuma pantchito amene ankatsogolera kaguluko, wa imvi zake ndi wotchi yaikulu pamkono.

“Aphunzitsi, chitunda chija ndachikwera usiku. Osaima.”

“Usiku? Nokha? Inu a Mchira, mukufuna kutipatsa maliro?”

“Sindinali ndekha. Ndi ndani mwa anthu athu amene amakoka mwendo umodzi? Wachikulire, mawu ake odekha. Ali ndi kanthu kamalira pa nsapato.”

Aphunzitsi anasiya kumanga chingwe cha nsapato. Amene anali akale m'kaguluko anayang'anana.

“Anati chiyani?” anafunsa Aphunzitsi motsitsa mawu.

“Anati chitundachi sichifuna ukali. Pamwamba anati abwerere, mwina kwatsala wina.”

Mayiyo anakhala pansi pa mwala wa pachipata.

“Amenewo ndi a Makaniko,” anatero. “Kiyi wa galaja yawo ankamumangirira pa chingwe cha nsapato. Ndi amene anayambitsa kagulu kano, ndipo lamulo la wotsekera ndi lawo. Tsiku lina pa mpikisano anali atamaliza kale, koma anamva kuti mtsikana wina watsalira pa chitunda, n'kubwerera kukamutenga. Mtsikanayo anafika. Iwo mtima unaima panjira. Papita zaka zisanu ndi zinayi.”

Telala anapukusa mutu. “Sizingatheke. Akuwadziwa mayi akunyumba. Anandiuza mmene ankagwirira mpanda, mmene ankasekera. Akuti masiku ano sakuimanso.”

“Mayi akunyumba kwanu anabwera kuno a Makaniko atagona kale zaka zinayi,” anatero Aphunzitsi, misozi ili m'maso. “Anthu awiriwo sanaonanepo, bambo. Kunoko ayi.”

Telala anayang'ana kumene kunali chitunda chija, kukuyamba kuyera. Ankamufuna mkazi wake kuposa tsiku lina lililonse chimuikireni m'manda, koma kwa nthawi yoyamba kumufunako sikunamufoole mawondo.

“Loweruka ndithamanga,” anatero pomaliza. “Koma ndikupempha chinthu chimodzi, Aphunzitsi. Musandiikire wotsekera. Kumbuyo kwangako musiyeko malo.”