Mzere Wofiira pa Katungwe wa Sufiyani

Fauziya anakumana ndi Sufiyani tsiku lachiwiri la Idi, pabwalo lafumbi kuseri kwa msika wa Balaka, pomwe anthu a makatungwe amagetsi anamanga misasa yawo. Sanapite kukafuna mwamuna iyayi. Anali mtsikana wamanyazi, wongomaliza kumene Fomu 4, ndipo mayi ake anangomutuma kuti aperekeze mng'ono wake Shamim, yemwe anakana tiyi m'mawa mpaka atalonjezedwa kuti akakwera katungwe.

Katungweyo anali wa mipando khumi ndi iwiri yolendewera pa matcheni. Jenereta ikalira, mipandoyo inkazungulira n'kutambasukira m'mwamba, ana akukuwa. Pakhomo pake panali thabwa loyera loimika, lokhala ndi mzere wofiira. Mwana wosafika pamzerewo sankakwera, chifukwa akanatha kupulumuka pansi pa chitsulo chotchingira.

Shamim anatsamira thabwalo n'kukweza chibwano. Mnyamata wa pakhomopo anaika chikhatho pamutu pake.

"Watsala chala chimodzi, mwana wabwino."

"Nanga mpango wangawu simukuuwerengera?" anafunsa Shamim.

"Mpango sukwera katungwe. Amakwera ndi munthu."

Fauziya anaseka mosafuna, n'kubisa kamwa ndi nsonga ya hijabu. Mnyamatayo anamuyang'ana mpaka wa m'mbuyo pamzere anadandaula.

"Ine ndine Sufiyani," anatero. "Nanga inu, kapena dzina lanu ndi chinsinsi cha boma?"

"Ndi a Fauziya," anayankha Shamim. "Nambala yawo ndimaidziwa pamtima."

"Shamim, iwe!"

Koma mwanayo anali ataitchula kale yonse. Kenako anatola phesi la chimanga pafupi ndi mpanda, analiimika pathabwa, n'kulithyola ndendende pamene panali mzere.

"Ndikadzaliposa ili ndidzabweranso," anatero, n'kulinyamula paphewa.

Asanafike n'kunyumba komwe, foni ya Fauziya inalira. Unali uthenga wa Sufiyani.

"Duwa la ku Balaka, lero ndayeza ana mazana awiri, koma ndakumbukira nkhope imodzi yokha, ndipo si ya mwana."

Anauwerenga kasanu. Kodi mnyamata amalembera mtsikana wina aliyense mawu otere? Kusukulu palibe anamutchulapo duwa. Ankangomuti Mlongo Chete.

Makatungwe anakhala pa Balaka masabata atatu. Fauziya akatumidwa kumsika ankadzera kubwaloko masana, nthawi yomwe jenereta inkazimitsidwa kuti izizire. Antchito ena ankapita kumzikiti kukaswali, ena ankagona pansi pa lole. Bwalo lonse linkangoti zii. Matcheni okha ndiwo ankalira pang'onopang'ono, ngakhale kunalibe mphepo yoti munthu n'kuimva pakhungu.

"Fau, mtima wanga, ine ndatopa ndi moyo wa m'misewu," ankatero Sufiyani atakhala pa bokosi la zitsulo. "Ndilibe mkazi, ndilibe mwana, ndilibe wonditsukira ngakhale kapu. Ndinali kudikira iwe osadziwa."

Tsiku lachitatu ndi pomwe Fauziya anaona mwana wina.

Anali kamtsikana kowonda, kopanda nsapato, kovala diresi yomwe kale inali yachikasu. Kanalowera pa mpata wa mpanda osamveka mapazi. Kanapita pathabwa, n'kugunditsa zidendene, n'kuika dzanja pamutu. Kenako kanatembenuka pang'onopang'ono kuona pomwe dzanjalo lafika. Silinafike. Kanaima chiimire, maso ali pa mipando yopanda anthu.

"Mwana uyo ndi wa ndani?" Fauziya anafunsa.

"Mwana uti?"

"Uyo ali pathabwayo."

Sufiyani sanacheuke. Anamugwira dzanja, ndipo chikhatho chake chinali chonyowa.

"Fau, pathabwa palibe munthu."

Fauziya atayang'ananso, panalibedi munthu. Mpando umodzi wokha unkagwedera.

"Mvera," anatero Sufiyani motsitsa mawu. "Makina akale ngati awa amayenda ndi majini awo. Anzanga onse amadziwa. Ukaona chinthu, usachilankhule. Chikakuyankha, chimakutsatira mpaka kunyumba, ndipo chimayambira pa mwana wamng'ono wa m'nyumbamo."

Fauziya anaganiza za Shamim. Anabwerera kwawo akuwerenga Ayatul Kursi, ndime ya m'Kurani yodzitetezera, njira yonse.

Anakaonanso kamtsikanako kawiri. Nthawi yomweyomweyo, diresi yomweyomweyo. Kankadziyeza, n'kulephera, n'kuima. Ulendo womaliza kanatembenuka n'kumuyang'ana Fauziya m'maso, osaphethira. Fauziya anazolika. Sanauze mayi ake, sanauze mnzake aliyense. Akanayamba bwanji? Kuti ali ndi chibwenzi, kapena kuti akuona zinthu zomwe ena sakuziona?

Makatungwe atachoka kupita ku Ntaja, mauthenga ndiwo anachuluka.

"Switi wanga, kuno kuli fumbi, koma ndikatseka maso ndikumva fungo la mafuta ako."

"Ndikulumbira pamaso pa Allah, sindidzakukhumudwitsa. Ukadzalira chifukwa cha ine, dzanja langa lidzaume."

Ndipo tsiku lina unabwera uthenga umene unamukhazika pansi pakhonde.

"Idi ya nyama tidzakhala pa Liwonde. Lachisanu lotsatira ndikutumiza akwathu kwa amjomba ako. Ndikufuna ndowa, ukwati wa kumzikiti, Fau. Uvomera?"

Anavomera. Anauza mayi ake, ndipo mayi ake anaimbira mlongo wawo, a Bakari a ku Utale. Amjombawo anafunsa mafunso ambiri, koma pomaliza anati asankha mbuzi yoti alendo adzadye. Fauziya ankayenda ngati sakuponda pansi. Za kamtsikana kachikasu anayesetsa kuiwala.

Shamim yekha sanaiwale zake. M'mawa uliwonse ankaimika phesi lake kukhoma n'kudziyeza. Ankadya mtedza ndi nthochi mokakamiza, ankadzilendewetsa pa nthambi ya mpoza. Kutatsala sabata kuti Idi ifike, anathamangira m'nyumba.

"Achemwali, bwerani muone. Ndaliposa."

Zinali zoona. Mutu wake unali utadutsa nsonga ya phesi pang'ono.

Idi itakwana, Fauziya ndi Shamim anafika pa Liwonde cha m'ma teni koloko m'mawa, kukuzizira. Chiperoni chinali chitaphimba tawuni yonse, ndipo nkhungu yochokera ku Shire inakuta bwalo moti nsonga ya katungwe sinkaoneka. Nyimbo ya pa sipika inkamveka ngati ikuchokera pansi pa madzi. Mipando inkalowa m'nkhungu ndi ana n'kutulukira mbali ina, ana ali chete chifukwa cha mphepo.

Sufiyani anawalandira akumwetulira.

"Mkazi wanga wa Lachisanu," ananong'oneza.

Shamim anatsamira thabwa monyadira. Sufiyani anaika chikhatho pamutu pake, ndipo kumwetulira kuja kunayamba kuzilala.

"Watsala zala zitatu."

"Zitatu?" Shamim anayang'ana mkulu wake. "Achemwali, ndafupika?"

"Munthu safupika," anatero Fauziya.

Mwanayo anaimika phesi lake pathabwa. Nsonga yake inathera pansi, patali ndi mzere wofiira.

"Phesi likauma limafota," anatero Sufiyani akuseka. "Bwera chaka chamawa, mlamu."

Fauziya anawerama n'kuyang'anitsitsa. Penti yofiira inali yatsopano, yowala. Pansi pake, mkati mwa penti yoyera, munali mithunzi ya mizere ina yofufutidwa, wina pansi pa unzake. Anaiwerenga ndi chala. Itatu. Nsonga ya phesi inagwera ndendende pa wapamwamba mwa itatuyo.

"Sufiyani, mzerewu ukukwera. Akuukweza ndani?"

Asanayankhe, Fauziya anamva kuti pambali pake paima munthu. Anacheuka. Kamtsikana kaja. Diresi yachikasu, mapazi opanda nsapato, tsitsi lonyowa ndi nkhungu. Kanali katamutsatira mpaka ku Liwonde? Kanali pafupi ndi Shamim moti mapewa awo ankakhudzana.

Fauziya anafuna kukoka mng'ono wake, koma anachedwa.

"Iwe, manja ako akuzizira bwanji," anatero Shamim, atagwira kale dzanja la mwanayo. "Achemwali, mubwerekeni juzi yanga mnzangayu. Nayenso akufuna kuyeza."

"Ukumuona?"

"Nanga ndisamuone bwanji? Ali ndi chimfine."

Mwanayo anakoka mamina. Jini limadwala chimfine? Fauziya anagwada pansi n'kuchita chimene analetsedwa.

"Dzina lako ndani?"

"Rashida."

"Umadzatani pathabwali tsiku ndi tsiku, Rashida?"

"Ababa anati ndikadzafika pamzere adzandikweza katungwe, kenako tidzapita tonse kwathu ku Chikweo. Sadzachokanso."

"Ababa ako ndani?"

Rashida sanatchule dzina. Analoza ndi mlomo, mwamantha.

"Anati ndisamawalankhule pantchito. Ndimabwera jenereta ikazima. Lero nkhungu yandisokoneza."

Sufiyani anali atatembenukira kumbali, akukonza matikiti omwe anali okonzeka kale.

"Ndi mwana wa anthu, Fau. Amangonena zilizonse."

"Wa anthu ake ati, bambo a Rashida?"

Mawuwo anachokera kuseri kwa mpanda. Panali mayi wachichepere atanyamula beseni la mtedza wokazinga, mwana wina ali kumsana. Fauziya anamukumbukira. Anagulapo mtedza kwa iye pa Balaka, kawiri konse, n'kukadya ndi Sufiyani.

"Chaka ndi theka tikutsatira lole iyi," anatero mayiyo, osakweza mawu. "Mangochi, Ulongwe, Balaka, Ntaja. Ine ndinaona kalekale kuti penti ikusuntha, achemwali. Koma mwana ndimuuza bwanji? Amadya masamba omwe sawakonda kuti atalike."

Anthu a pamzere onse anacheuka. Katungwe anali ataima, koma palibe mwana anatsika.

Sufiyani anamugwira Fauziya pamkono.

"Duwa langa, ndimvere. Ukwati umene uja unatha mumtima kalekale. Ndinachita zimenezi chifukwa cha iwe. Ndikanabwerera ku Chikweo ndikanakutaya."

Fauziya anayang'ana dzanjalo mpaka linamusiya. Misozi inali itayamba, koma mawu ake anatuluka bwinobwino, zomwe zinamudabwitsa iye mwini.

"Mizere ndi inayi, Sufiyani. Ine ndinakupeza uli pa wachitatu. Kawiri koyambako unakweza chifukwa cha ndani?"

Sufiyani anayang'ana kumbali, ndipo Fauziya anapitiriza.

"Unandiuza kuti mwana wako ndi jini. Ndinamuthawa. Ndinkamuwerengera mapemphero ngati chinthu choipa, mwana wanjala ali chiimire padzuwa. Zina zonse mwina ndikanadzaiwala, koma ichi?"

Anachotsa pini ya hijabu yake n'kuyamba kupala penti yoyera pa mzere wapansi penipeni. Inkagwa ngati mamba a nsomba. Pang'onopang'ono kufiira kwakale kunaonekera, mzere weniweni umene eni makinawo anajambula.

"Bwera, Rashida. Gunditsa zidendene."

Mwanayo anaima monga ankaimira masiku onse, n'kuika dzanja pamutu. Anatembenuka pang'onopang'ono. Mzere unali pansi, cha pakhutu pake. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana amayi ake, kenako Fauziya, ngati akufunsa ngati n'zololedwa.

Ndipo kwa nthawi yoyamba anawalankhula bambo ake pantchito.

"Ababa, ndafika. Tinyamuka lero?"

Sufiyani anatsegula pakamwa. Anayang'ana anthu, anayang'ana mkazi wake, anayang'ana matikiti m'manja mwake. Rashida anadikira, dzanja likadali pamutu.

Fauziya sanafune kumva yankho. Kaya likhala bodza kaya zoona, silinali lakenso. Anavula Shamim juzi n'kumufunditsa Rashida, kenako anagwira mng'ono wake dzanja n'kutuluka pageti.

"Achemwali, nanga ine sindikwera?"

"Osati uyu. Ndidzakupezera wina."

"Mukulira?"

"Ndi nkhunguyi."

Pa siteji anakhala pabenchi, foni ikunjenjemera m'dzanja ndi mauthenga omwe sanawatsegule. Chomwe chinkamupweteka kwambiri n'chakuti mtima unkafunabe kuwawerenga. Anafufuza dzina la amjomba ake n'kuimba msanga, asanasinthe maganizo.

"Asalamu aleikumu, amjomba."

"Wa aleikumu salamu, mkwatibwi. Mbuzi yako yanenepa, ikungodikira Lachisanu."

"Imasuleni ikadye ndi zinzake. Kulibe alendo."

Mufonimo, patali, kunkamveka tambala wa ku Utale.

"Chachitika n'chiyani, mwanangu? Wadwala mnyamatayo?"

"Iyayi, amjomba. Ali ndi kwawo. Akumudikira."