Njereza pa Mtengo wa Jestina

M'chaka cha 1956, a Bonifasio anamunamiza Jestina.

A Bonifasio anali kapitawo wa msewu ku Dedza. Jestina anali mwana wamng'ono. Ankakhala ndi bambo ake, a Anselmo, m'munsi mwa phiri.

Jestina anali ndi mtengo wa mapichesi. Mayi ake anaubzala asanamwalire. Chaka chimenecho mtengowo unabereka koyamba. Mapichesi anali aang'ono. Anali aawisi.

Jestina ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kulawa pichesi lakupsa la mtengo wa mayi ake.

Tsiku lina a Bonifasio anabwera ndi chitini cha njereza. Anapaka mtengo uwu. Anapaka mtengo uwo. Anapakanso mtengo wa Jestina.

Jestina anagwada. "Zikomo bambo, mukuupakiranji?"

"Kukubwera alendo a magalimoto," anatero a Bonifasio. "Akufuna kukwera phiri. Sunaione miyala ya ku Boma, iwe? Imayera mbee! Mtengo wakonso ukongole."

Jestina anaionapo miyalayo popita kumsika. Inali yoyeradi. Jestina anakondwa.

Kenako mvula inagwa. Inagwa, inagwa. Inatsuka njereza yonse pa mtengo wa Jestina.

"Mayo! Alendo auona wakuda," anatero Jestina.

Anatapa phulusa. Anathira madzi. Anapaka ndi manja ake. Anapaka, anapaka. Mtengo unayeranso mbee!

M'mawa a Anselmo anapita kumunda. Kunabwera anthu a nkhwangwa. Wamkulu wawo anali a Kalisto.

"Choka apo, mwana iwe," anatero a Kalisto. "Tikukuza msewu. Tikudula mitengo yoyera."

"Ayi! Uwu ndi wa amayi! Ndapaka ndine!"

"Wapaka bwino," anatero a Kalisto. "Ukanapanda kuyera, tikanaudutsa."

Kho! Kho! Kho!

Mtengo unagwa. Mapichesi anamwazika m'matope.

Jestina anatola limodzi. Analuma. Linali lolimba. Linali lowawasa.

Madzulo a Anselmo anaona chitsa. Anamugwira Jestina padzanja. Anapita naye kwa a Bonifasio.

A Bonifasio anali pakhonde. Sanawapatse mpando.

"Munamuuza chiyani mwanayu?" anafunsa a Anselmo.

"Ndinati mtengo ukongola. Sunakongole kodi?"

"Munadziwa kuti audula."

A Bonifasio anaseka. "Njereza yanga inapita ndi mvula, achimwene. Wapaka kachiwiri ndani? Mufunseni mwana wanuyo."

Jestina anayang'ana manja ake. M'zikhadabo munali phulusa. Anawabisa kumbuyo.

Anabwerera kwawo. Atafika, a Anselmo anakhala pachitsa. Anamunyamula Jestina pamwendo.

"Ababa, ndaupha ndine?"

"Ayi, mwana wanga. Si iwe."

"Nanga ndani?"

Kunja kunkazizira. A Anselmo anamufunditsa jekete lawo.

Msewu unatha. Alendo anabwera. Anakwera phiri. Anaona Boma lonse pansi. Anaona msika. Anaona minda. Anati Dedza ndi wokongola.

Chitsa sanachione.

Galimoto zinkadutsabe. Fumbi linkagwera pachitsa. Jestina ankalipukuta ndi dzanja.

A Bonifasio anakhalabe kapitawo. Lamulungu ankakhala kutsogolo m'tchalitchi. Sanapepese konse.