Jombo Imodzi pa Msewu wa Brannock

Rowan Tulloch anatuluka mochedwa m'kalabu ya timu ya Brannock, anzake onse atabalalika. Makiyi anali kale m'manja, koma atafika pamene anaimika galimoto anapeza kuti galimotoyo yasanduka ziwiri. Anatsinzina, natsegulanso maso. Zinali ziwiribe. Anabweza makiyi m'thumba nauyamba wapansi.

Masana a tsikulo, mpira uli pafupi kutha, anadumphira mpira wapakona nawombana mitu ndi wosewera wa timu inayo. Dokotala atathamangira m'bwalo ndi kumufunsa kumene ali ndiponso amene akutsogola, Rowan anayankha zonse bwinobwino, mpaka kuseka. Mafunso amenewo anawaloweza kalekale, monga aliyense wosewera m'maligi ang'onoang'ono. Ukangovomera kuti ukumva chizungulire, lamulo limakukhazika panja. Ndipo Loweruka lotsatira kunali masewero omaliza, oti timu ikapambana ikwere ligi. Kochi anali atamuuza mosabisa kuti akasewera bwino tsikulo amusunga chaka china. Akapanda kusewera, pabenchi pali kamnyamata kamene miyendo ikukayabwa kufuna malo akewo.

Rowan anali atapitirira zaka makumi atatu. Anavalapo mayunifomu a matimu ambiri, kuyambira ku Perth mpaka ku Townsville, kulikonse ngati wotchinga kumbuyo, kulikonse kwa chaka chimodzi. Brannock ndiyo inali khomo lomaliza. Ntchito ina sankaidziwa.

Ku kalabuko kuli mwambo. Amene wasewera bwino koposa amamwa mowa wothiridwa m'jombo yakale yachikopa, yakumanzere, imene imapachikidwa pamsomali kuseri kwa bala. Usiku umenewo inali nthawi yoyamba kuti jomboyo igwere Rowan. Noreen, mayi wachikulire wogulitsa pabalapo, anaitsitsa naidzaza, anyamata akumenya matebulo.

"Imwa, mdala! Mutu wakowo ndi mwala wa mumgodi!"

Anamwa wonse. Polandira jomboyo, Noreen anamuyang'anitsitsa namuuza kuti diso lake limodzi silikumusangalatsa. Rowan anati n'kutopa chabe. Sanafunse kuti mwini jomboyo anali ndani. Kalabu iliyonse ili ndi zakale zake.

Msewu wakwawo unkadutsa pamgodi wa malasha wotsekedwa, kenaka kumanda, kenaka pansi pa mlatho wa njanji. Kupitirira mlathowo unkagawikana: kumanzere kunyumba imene ankachita lendi, kumanja kuchitunda kumene kuli chipatala. Kunkazizira koopsa. Mitengo ya bulugamu inali chilili, yosagwedezeka n'komwe. M'mutu mwake, cha pamwamba pa khutu, munkagunda ngati munthu akukhoma msomali kutali.

Atafika pampanda wa manda anasanza. Anapukuta pakamwa ndi dzanja la jekete, nadziuza kuti ndi mowa.

Ndipo anamva.

Kwa...

Zii.

Kwa...

Phokoso limenelo wosewera mpira aliyense amalidziwa: misomali ya kunsi kwa jombo ikugunda phula. Koma linkamveka phazi limodzi lokha. Linalo ayi.

Rowan anaima. Phokoso linaima.

Anayenda. Kwa... Kwa...

Sanatembenuke. Anawonjezera liwiro, koma miyendo inali ngati yobwereka. Fungo la mafuta opaka minofu, aja amphamvu a m'chipinda chovalira, linamupeza. Atayang'ana pambali, munthu anali akuyenda naye phewa ndi phewa!

Anali mwamuna wamtali, wamapewa otambalala, wovala yunifomu yochindikala ya kolala, yamatope okhaokha. Tsitsi lake linali lonyowa, ngakhale mvula inali isanagwe mwezi wonse. Kuphazi lakumanja anavala jombo. Kumanzere, sokosi basi.

"Unadumpha bwino, mphwanga," anatero munthuyo osamuyang'ana. "Koma anakupeza pamwamba pa khutu."

Rowan anafunsa ngati anali kubwalo. Munthuyo anati saphonya. Rowan anayesa kuseka, nafunsa kumene jombo inzake yatsala, koma munthuyo anangopitiriza kuyenda.

Kwa... Kwa...

Tulo tinamubwerera mwadzidzidzi, tolemera, tokoma ngati bulangeti. Zikope zinkagwa zokha. Patsogolo, mlatho wa njanji unaoneka bii.

"Pamlatho pali mwala," anatero munthuyo. "Wosalala. Umati ndipume pang'ono chabe."

Mwalawo unalipodi, m'mbali mwa msewu, pansi pa getsi lokhalo la pamalopo. Rowan anali asanauonepo. Mawondo ake anayamba kupindikira komweko.

"Usakhale."

Mawu a munthuyo sanali okweza. Koma anamuwongola msana.

Pansi pa getsi lija Rowan anaona nthunzi ikutuluka m'kamwa mwake chifukwa cha kuzizira. Anayang'ana pakamwa pa mnzakeyo. Panalibe. Anayang'ana pansi. Chithunzithunzi chinali chimodzi... chake chokha.

Anafuna kukuwa. Lilime linakana.

Anadutsa pansi pa mlatho akugwira khoma. Mdima. Madzi akudontha. Kumbuyo, kwa... kwa...

Atatulukira pamphambano anakhotera kumanzere. Nyumba inali pafupi. Bedi. Mawa adzuka bwino, Lolemba akakonzekera masewero ndi anzake, Loweruka...

Munthu uja anali ataima kale pakati pa msewu wakumanzerewo!

Rowan analambalala. Munthuyo anali patsogolo pakebe. Anayesa mbali inayo. Chimodzimodzi. Ankatseka njira monga amatsekera wotchinga kumbuyo wodziwa ntchito, osathamanga, osakhudza, kungopezeka pamene ukufuna kudutsa.

"Ndisiyeni, bambo," anatero Rowan, mawu akutuluka olemera ngati a woledzera. "Ndikakwera kuchipatalako andiletsa. Loweruka ndiyenera kusewera. Ndilibe chaka china."

Apo ndi pamene munthuyo anamuyang'ana kumaso koyamba. Diso lake limodzi linali lakuda lonse, lotseguka ngati chitsime. Kuchokera m'khutu mwake mzere wa magazi ouma unatsikira m'khosi.

"Nanenso ndinali nalo Loweruka langa, mphwanga."

Anakweza dzanja naliika pamutu pa Rowan, pamwamba pa khutu penipeni. Linali lozizira ngati chitsulo cha pagolo m'mamawa.

Rowan anathawa. Njira yotseguka inali imodzi yokha, yakumanja. Anakwera chitunda akupepesuka. Anagwa. Anadzuka. Kumbuyo jombo ija inafulumira. Kwa-kwa-kwa! Akati achepetse liwiro, inkamveka pachidendene. Mapapo ankayaka. Magetsi a chipatala anali awiriawiri, kenaka anayianayi. Chitseko chagalasi... namwino akuimirira... pansi pakubwera kumaso...

Anatsitsimuka patapita masiku, mutu utametedwa mbali imodzi ndi kusokedwa. Dokotala anamuuza kuti magazi ankadzadza m'kati mwa chigaza, ndipo akanangogona usiku uja sakanadzuka. Za mpira ananena mwachidule: asadzagundenso ndi mutu. Rowan anayang'ana kudenga. Anadziwa kuti wotchinga kumbuyo wosagunda mpira ndi mutu kulibe.

Loweruka linadutsa ali pabedi. Tsiku lotsatira kunabwera Noreen ndi thumba la malalanje. Anati timu inapambana, ndipo kamnyamata kaja sikanachititse manyazi. Rowan anagwedeza mutu pang'ono. Noreen anayamba kusenda lalanje.

Kenaka Rowan anafunsa ngati m'tauniyo muli munthu wosokonezeka mutu amene amayenda usiku atavala za mpira. Anafotokoza yunifomu ya kolala, tsitsi lonyowa, jombo imodzi.

Chala cha Noreen chinaima m'khungu la lalanje.

"Phazi liti linalibe?"

"Lakumanzere, amayi."

Noreen anaika lalanje patebulo, napukuta manja pasiketi nthawi yaitali. Anati anali ndi mchimwene wake, Alby Prosser, amene ankatchinga kumbuyo m'timu yomweyo iye ali kamtsikana. Tsiku lina Alby anawombana mitu ndi munthu, anzake anamuthira madzi ozizira kumaso, iye napitiriza kusewera mpaka kumapeto chifukwa Loweruka lotsatira kunkabwera anthu a timu yaikulu ya ku Sydney kudzamuona. Madzulo ake, pokondwa, anavula jombo yake namweramo mowa. Anaisiya pabala nati adzaitenga mawa. Anatuluka akuseka, phazi limodzi lili m'sokosi.

"Anamupeza anthu opita kumgodi m'mamawa," anatero Noreen. "Atakhala pamwala uja wa pamlatho, mutu uli pamawondo, ngati akupuma. Papita zaka zoposa makumi asanu."

Dzanja la Rowan linakwera lokha kukagwira pamwamba pa khutu.

Noreen anatenganso lalanje lija, koma sanalisende.

"Tinamuika ndi jombo imodzi, mwana wanga. Inzake ndi ija unamweramo."