Ovololo ya Levy Mwamba

Anati dzina lake ndi Levy Mwamba, ndipo ankafuna ovololo yake. Sanapemphe madzi. Sanapemphe kulowa. Ovololo basi.

Munali mu Meyi 2020. Ndinkagwira ntchito pakampani ina yochapa zovala ku Dubai Investments Park, kumene kuli mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu zokhazokha. Mahotela atatsekedwa chifukwa cha korona, zochapa zinatha. Anzathu oposa theka anawachotsa ntchito. Otsalafe tinapulumukira sitima zankhondo. Zinkaima kudoko, koma anthu ake sankaloledwa kutsika. Zinkatsika ndi zovala zawo zokha, m'matumba akuluakulu omata pakamwa.

Ine ndine wa ku Balaka, ndipo mpaka lero sitima yankhondo sindinaione ndi maso. Ndinazidziwira pa zochapa. Anandiphunzitsa ndi anti Matildah, mayi a ku Chipata amene tinkapinda limodzi zovala.

Matumba ofiira anali a sitima zomenya nkhondo. Disitiroya ndi yaikulu, inkatumiza mashiti a pabedi mazanamazana, opapatiza ngati a kusukulu yogonera komweko. Firigeti ndi yocheperapo. Zosesa mabomba a m'nyanja ndi tating'ono, thumba limodzi kapena awiri, onunkha chinyezi. Yonyamula ndege sinkatifuna, amati ili ndi kochapira kwake ngati tauni. Yoyenda pansi pa madzi inabwera kamodzi, ndipo fungo lake tinalichapa katatu.

Matumba achikasu anali a sitima zothandiza: zonyamula mafuta, zonyamula zakudya, ndi mathagi okoka zinzake. Izi zimayenda pambuyo, kudyetsa ndi kumwetsa zankhondozo pakati pa nyanja. Ambiri ogwira ntchito mmenemo si asilikali. Ndi anthu aganyu ngati ife. Pamaovololo awo pankakhala mayina a mitundu yonse, ndipo mwa apo ndi apo linkapezeka lakwathu.

Pamenepo anti Matildah anali ndi lamulo lawolawo.

"Chovala cha munthu wakwathu sichilowa m'makina ositira," ankatero. "Uchiike pambali. Usite pamanja, usoke mabatani. Usalembe kalata, usaikemo kanthu. Akavala adzamva yekha."

Tinkachita zimenezo mobisa, pa nthawi yopuma. Mwini chovala sitinkamuona, naye sankatidziwa.

Lachinayi lina m'thumba lachikasu munatuluka ovololo yabuluu, yolemera ndi mafuta. Pachifuwa panalembedwa kuti L. MWAMBA. Thumba lake la pachifuwa linali litang'ambika mpaka pansi. Tsiku lomwelo anti Matildah anayamba kutsokomola, ndipo anawatenga kukawatsekera kwaokha. Ndinatsala ndekha patebulo. Ovololoyo itachapidwa ndinaisita pamanja, n'kuiika m'loka yanga, kabati yosungiramo zanga, kuti ndisoke mawa lake, poti vani yopita kudoko inkayenera kubwera Loweruka.

Vani inabwera Lachisanu m'mamawa, ine ndili m'tulo ku akomodesheni, nyumba imene kampani inkatigoneka. Sitima zothandiza zilibe tsiku lake. Yankhondo ikamva ludzu, zimanyamuka.

Thumba linapita loperewera chovala chimodzi.

Ndikanangonena tsiku lomwelo. Koma ine pakamwa ndi polemera kuyambira ndili mwana. Ngakhale kusekondale ndinkadziwa yankho osakweza dzanja. Tsiku loyamba ndinati ndinena mawa. Litafika tsiku lachitatu, zinali zitafanana kale ndi kuba. Patatha sabata, dandaulo linabwera kuchokera kudoko. Supavaiza wathu anatiimika pamzere, motalikirana, aliyense ndi masiki yake.

"Lamlungu m'mawa titsegula maloka onse," anatero m'Chingelezi. "Wopezeka ndi chovala cha kasitomala, khalas. Ntchito yatha, viza yatha."

Kuitulutsa sindikanatha, chifukwa pageti ankatisecha. Kuibwezera m'thumba lina sindikanathanso, chifukwa chilichonse chinkawerengedwa. Ndinamva mawu a supavaiza, ndinawamvetsa, koma mumtima simunagwe kanthu. Masiku amenewo ndinali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Ndinkadya, ndinkagona, ndinkapinda mashiti. Dzanzi lokhalokha.

Loweruka ndinalowa shifiti ya usiku. Madzulo ake anali wamba. Mnyamata wa ku Nepal woyendetsa makina anandisiyira theka la lalanje patebulo. Foni inalira uthenga wa masiku onse wa kefiyu, woti aliyense akhale m'nyumba. Magalimoto opopera mankhwala anadutsa mumsewu, kenako kunja kunangoti zii. Anyamata awiri a makina anali mbali ina ya khoma. Mlonda wathu, a Foster a ku Mchinji, anali m'kanyumba kawo kugeti, kutsogolo kwa masikilini a kamera. Ine ndinali ndekha m'chipinda chopindira, pafupi ndi kachitseko kachitsulo kotulukira kumene vani imaima. Kachitsekoko kanali koletsedwa kutsegula usiku. Pamwamba pake panali kamera.

Cha m'ma 2 koloko ndinatulutsa ovololo ija m'loka. Ndinati poti mawa ndikupita, bola ndiisoke.

Nditangolowetsa ulusi pa singano, ndinamva mawu kuseri kwa chitseko.

"Odi."

Zaka ziwiri ku Dubai, ndinali ndisanamvepo munthu akuodira pakhomo. Kuno amagogoda kapena kuimba foni.

Ndinasiya singano n'kutchera khutu.

"Odi kuno."

Anali mawu a mwamuna, otsika, osafulumira. Ndinayandikira chitseko.

"Ndani?"

"Ndine Levy Mwamba, sisi. Nifunako ovololo yanga."

Ndinayang'ana dzina limene linali m'manja mwanga. Ndinayang'ana kamera. Ndikanadziwa chimene chinanditsegulitsa ndikananena. Munthu akaodira, umamuyankha. Dzanja linangochita zimene linazolowera.

Mu Meyi, ukatsegula chitseko ku Dubai, ngakhale usiku, umalandiridwa ndi mpweya wotentha ngati wa mu uvuni. Usiku umenewo munalowa chisanu. Chinayambira kumapazi n'kukwera.

Anaima patali pang'ono, pamene kuwala kwa getsi kumathera. Anali wamtali, wa msinkhu wa malume anga. Analibe masiki. Analibe nsapato. Anafunda shiti yoyera yopapatiza, imene sinkafika m'mawondo. Nsidze zake ndi tsitsi zinali mbuu, ngati munthu wochokera kuchigayo. Pakona ya shitiyo panali chidindo cha kampani yathu. Mizere ya mopindamo inkaoneka bwinobwino. Kanali kapindidwe kanga.

"Pepani kukuvutitsani," anatero. "Kuja kuzizira."

"Mwachokera kusitima?"

"Ee. Ya mafuta."

"Koma amati salola kutsika."

"Salola." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Madoko atatu akana."

Polankhula, pakamwa pake sipankatuluka nthunzi, ngakhale kuti pakamwa panga inkatuluka. Ndinaziona zimenezo monga mmene umaonera mtengo wa m'mbali mwa msewu uli m'basi.

"Thumba sindinamalize kusoka," ndinatero.

"Malizani. Nidikira. Kudikira ndiye tazolowera."

Ndinakhala pakhomo pomwepo, ovololo pamiyendo. Zala zinauma. Singano inkandipulumuka. Iye anangoima, manja m'kati mwa shiti. Pansi pa mapazi ake simenti inkada pang'onopang'ono ndi madzi.

"Muziona, sisi," anatero patapita nthawi, "wa pa disitiroya akagona, ibwera ndege. Mbendera, malipenga, anzake ndi saluti. Ngakhale wa pa kosesa mabomba, kang'onong'ono kaja, amutenga tsiku lomwelo. Ise a pa ya mafuta atiika pamodzi na nkhuku."

Anaseka pang'ono, ngati nthabwala ya kuntchito imene anainenapo kambirimbiri.

"Anzanga ayesetsa. Anisambika, anifundika. Koma shiti ilibe dzina. Tsiku limene azatsegula, mwina anzangawo azakhala atasinthidwa. Nifuna wotsegulayo akawerenge."

Ndinkangosoka. Ulusi wabuluu unatha, ndinamalizira ndi wakuda.

"Ulendo watha mabatani anasoka ndinu?"

"Ayi. Anti Matildah. A ku Chipata."

"Ninadziwa kuti kuli wakwathu. Makina sasita kolala mwa mtundu uja. Miyezi khumi na inayi osaponda pansi, ninavala ovololo ija n'kumva monga nafika pa nyumba. Mukawauze zikomo."

Ndinaluma ulusi. Ndinaipinda monga timapindira zonse, dzina pamwamba. Ndinaimirira n'kupereka ndi manja awiri. Nayenso analandira ndi manja awiri, akuwerama pang'ono. Zala zathu sizinakhudzane. Ndinangomva kulemera kukuchoka m'manja mwanga.

"Mutsale bwino, sisi."

Sanalowere kugeti. Analowera kuseri, kumene kuli mpanda wa waya wopanda khomo. Shiti yoyera ija inkaoneka pakati pa makontena, kenako sinaonekenso. Mapazi onyowa anatsala pasimenti. Ndinawayang'ana akuuma, limodzi ndi limodzi, kuyambira akutali. Kutentha kunabwerera.

Sindinakuwe. Sindinapemphere. Ndinakhalanso pansi pakhomopo, singano ili m'manja, chitseko chili pululu.

A Foster anandipeza pomwepo kukuyera.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu. "Dzukani. Lowani."

Ndinawayang'ana.

"Mwaona?" ndinafunsa.

"Ndaona inu. Munatsegula, munakhala pansi, mumasoka. Kenako munaimirira n'kutambasula manja."

"Ndiye?"

"Ndiye m'manjamo munalibe kanthu. Ndabweza kanemayo kasanu. Ndinafuna kubwera nthawi yomweyo, koma miyendo inakana. Ndisaname."

Supavaiza anafika 7 koloko. Chitseko chija chimalemba chokha nthawi imene chatsegulidwa, choncho anali akudziwa kale. Anatiimika pamzere.

"Maola anayi! Nthawi ya kefiyu! Ndani?"

Pakamwa panga panalemera monga mwa nthawi zonse. Ndinayamba kukweza dzanja. Lisanafike paphewa, a Foster analankhula kumbuyo kwanga.

"Ndine, bwana. Ndinamva ngati fungo la waya wopsa. Ndinatsegula kuti mupite mphepo, ndiye ndinaiwala kutseka. Ndalemba m'buku."

Analidi atalemba. Supavaiza anawakalipira pamaso pa tonse, anawapatsa kalata ya chenjezo, n'kuwachotsa m'kanyumba kozizira kaja kuti akaime pageti lakunja, padzuwa, mwezi wathunthu. Kanema ya kamera sanaione, poti wolakwa anali atavomera kale. Kenako anatsegula maloka. Mwanga anapezamo sopo, chipeso ndi makoko a lalanje.

Nkhani inabwera masana ndi a Pius, oyendetsa vani. Anati kudoko anthu akunong'onezana za sitima ina ya mafuta imene yaima kutali pakati pa madzi. Wina wa ku injini anadwala atangonyamuka, masiku atatu basi. Palibe doko limene likufuna thupi lake mpaka mapepala ndi zoyeza zitatha, ndiye anamusunga m'chipinda chozizira cha zakudya. Dzina a Pius sanalimve. Anangomva kuti ndi wa ku Africa.

Ku akomodesheni ena ankati ndinalota chifukwa cha kutopa. Ena ankati munthu amene sanaikidwe m'manda sadziwa kuti ulendo watha, amangoyendabe kutolera zake. Mtsikana wina anasamutsa bedi lake kuti litalikirane ndi langa. Anti Matildah ndinawaimbira ali kotsekeredwa kuja. Ndinawauza kuti a Mwamba akuti zikomo chifukwa cha mabatani. Anafunsa ngati thumba ndinalisoka kawiri, chifukwa amuna a ku injini amaikamo masipanala.

Lachitatu masana ndinatenga botolo la madzi ozizira n'kupita kugeti lakunja. A Foster anali ataima pa kamthunzi ka chipilala, malaya atamatirira kumsana. Ndinawapatsa. Anamwa theka. Ndinaima pamenepo ndikusaka mawu.

"Achimwene, chifukwa chiyani?"

Anapukuta pakamwa, maso ali kumsewu.

"Chaka chatha, sabata yanga yoyamba, ndinagona pampando. Supavaiza akubwera m'khonde. Wina anagwetsa ngolo yonse ya mashiti pafupi ndi ine, phokoso ngati bomba. Anamukalipira iyeyo, n'kumuchapitsanso mashiti onse."

Ndinayang'ana pansi. Ndinkayesa kuti sanadziwe kuti ngoloyo ndinaigwetsa dala.

"Inali ngozi," ndinatero.

"Eya. Nanenso ndinamva fungo la waya." Anabwezera masiki pamphuno n'kundipatsa botolo. "Yalla, kaloweni achemwali. Dzuwali si la anthu awiri."